Ndipite kusukulu kapena ndipitirize kugwirizira mpando wa administrator?

WaAkauntiWakumudzi:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito pachipatala china cha mishoni, cha pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu), kutali ndi tala. Ndinalowa ngati wa akaunti, koma a administrator atapuma pantchito, bodi inati ndigwirizire kaye. Mpaka lero ndikugwirizirabe. Magetsi akazima wothamangira dizilo wa jenereta ndine, wokangana ndi madalaivala pa logbook ya ambulansi ndine, wolemba ma invoice a SLA (mgwirizano woti boma lizilipirira odwala thandizo lina pachipatala chathu) opita kwa a DHO (mkulu wa zaumoyo m'boma lathu) ndinenso, koma malipiro akadali a akaunti. Ndili ndi dipuloma yokha. Ndisiye ndikachite digiri, kapena ndidikire mwina anditsimikiza? Mantha anga ndi oti ndikachoka, mpandowu upeza mwini.

MdalaWopuma:
Achimwene, choyamba: muli ndi kalata yoti mukugwirizira? Ngati anangokuuzani pakamwa mumsonkhano, mawa lomweli lemberani wapampando wa bodi mwaulemu kuti akupatseni kalata, yonena tsiku lomwe munayamba komanso za acting allowance. Popanda kalata, zaka zimenezi pa CV palibe.

Chachiwiri, pepala ndi lofunika, musanamizidwe. Tsiku lomwe adzalengeze mpandowu munyuzi adzalemba kuti akufuna digiri, ndipo mnyamata wochokera ku Lilongwe amene sanaonepo jenereta adzaitanidwa ku intavyu inu muli panja. Koma musasiye ntchito. Funsani maphunziro a kumapeto kwa sabata kapena a block release, opita kusukulu masabata angapo n'kubwerera kuntchito. Yambani ndi KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, mufunsenso ku Malawi School of Government, ku Kanengo kapena ku Mpemba.

China chomwe achinyamata simuchilabadira ndi kagulidwe ka katundu. Ma administrator ambiri omwe ndinawaona akugwa sanabe ayi. Anagula matayala usiku kwa munthu wodziwana naye chifukwa ambulansi inali pamiyala, opanda ma quotation atatu, opanda ma minitsi a komiti yogula zinthu. Ma auditor akabwera samva zoti panali wodwala. Ngakhale zitavuta bwanji, lembani, musainitse anzanu a management tsiku lomwelo.

NamwinoWakuMatenite:
Bambo, za sukulu a Mdala anena, ine ndinene za kuwodi. Administrator amene ife timamulemekeza ndi amene amabwera ku handover ya m'mawa, pomwe ogwira usiku amasiyira ntchito ogwira masana, n'kumva yekha kuti usiku concentrator ya oxygen inazima mwana ali pamenepo, kapena kuti magolovesi atsala bokosi limodzi. Ena amangodziwa chipatala pa fayilo.

Tinali ndi wina amene anaika lamulo limodzi: ambulansi isagone ndi thanki yosafika theka, ndipo makiyi azikhala ndi namwino wa usiku, osati kunyumba kwa dalaivala. Anthu anadandaula, makamaka omwe anazolowera kuitumiza kukatenga chimanga kapena kuperekeza ukwati. Koma mayi akayamba kutaya magazi 2 koloko usiku, sitinkagogodanso makomo kufuna siginecha, galimoto inkanyamuka. Munthu ameneyo atafunsira ntchito kuchipatala chachikulu, a matron ndi adokotala analimbirana kumulembera kalata yomuchitira umboni.

Muzipitanso kuchitando cha ma guardian. Mukaona nokha ngati mjigo ukutulutsa madzi, zimbudzi zili bwanji, nkhuni akuzipeza kuti. Madandaulo omwe amakafika kwa amfumu ndi kukomiti ya chipatala amayambira kumeneko.

WaAkauntiWakumudzi:
Zikomo nonse. Kalata ndilibe, a Mdala mwalasa. Nanga mayi, ku handover munthu wosakhala wachipatala sangandione ngati kazitape?

NamwinoWakuMatenite:
Sabata yoyamba adzakuonani choncho, inde. Pemphani kaye kwa a matron, mukhale kumbuyo ndi kabuku, musayankhe za mankhwala. Mukamva kuti babu la mu labour ward lapsa, lisinthidwe dzuwa lisanalowe. Ndipo ndalama za locum (za mashifiti owonjezera) zikachedwa chifukwa ndalama za SLA sizinabwere, bwerani mudzatiuze nokha ndi mapepala m'manja, tisamve kwa mlonda.