Bokosi lasungunuka ndi nkhuku yotentha, umboni wa ziwiya ndiutenga kuti?

Nachisale: Amayi ndi abambo, ndigawireni nzeru. Loweruka ndinaphikira anthu 80 pamsonkhano wina. Mabokosi oyera opepuka aja ndi masipuni apulasitiki ndinagula ku Limbe. Titaika nkhuku yongovuula m'mafuta, pansi pa bokosi panafewa mpaka kubooka, mpunga n'kumamveka kafungo ka pulasitiki. Manyazi ake! Tsopano eni odayo akuti ndibweretse umboni woti ziwiya zanga n'zoyenera chakudya, apo ayi mwezi wamawa andidumpha.

aBanda a chips: Pepani amayi. Tembenuzani bokosilo muone kunsi. Pali kachizindikiro ka makona atatu, m'kati mwake muli nambala. Oyera opepukawo ndi 6, PS, ndipo mafuta otentha sagwirizana nawo, ngakhale chips chongochoka pachiwaya chimawanyalitsa. Za zotentha funani 5, olembedwa PP.

Nambewe: Achimwene mwalondola, koma nambala yokha sikwanira. Imangonena mtundu wa pulasitiki, sinena zomwe anasakanizamo popanga. Ndowa ya penti nayonso mukhoza kuipeza ndi 5 kapena 2, koma simungaikemo thobwa. Ine poyamba ndinkatero, ndinkati ndatsuka ndi sopo ndi mchenga basi yayera. Kasitomala wina atanena kuti thobwa langa likumveka penti, ndinataya ndowa yonse, malita 20. Pulasitiki imamwa zimene munali poyamba, ndipo mchenga umakanda timizere momwe litsiro limabisala. Muziyang'ana kachithunzi ka kapu ndi foloko, kapena mawu akuti food grade, kutanthauza zoyenera chakudya. Popanda zimenezo ine sindigula, ngakhale zitchipe bwanji.

Nachisale: Ndaona. Mabokosi alembedwadi 6. Masipuni alibe chilichonse, ngakhale paketi yake ilibe dzina la wopanga. Ndiwaviike m'madzi owira ndione ngati apindika?

aPhiri a kukantini: Madzi owira angokuonetsani oipitsitsa, mayi. Sipuni ikhoza kukhala yowongoka koma ikutulutsa mankhwala osaoneka. Umboni weniweni ndi pepala. Pitani kwa ogulitsa pikulitsa, afunseni chikalata chochokera kwa wopanga chonena kuti katunduyo ndi wa chakudya komanso amapirira kutentha kotani. Sungani lisiti ndi katoni yake, jambulani chizindikiro cha kunsi, muziika zonse mufayilo imodzi. Akazengereza kukupatsani, gulani kwina. Mukafuna kutsimikiza, Malawi Bureau of Standards ndi amene amayang'ana miyezo ya katundu, likulu lawo lili mu Blantyre momwemo.

Nambewe: Ndionjezere za mbale za pulasitiki yolimba yotchedwa melamine zija. N'zabwino pogawira, koma musaziike mu microwave, ndipo zikayamba kukandika kapena kuchita ming'alu zichotseni. Komanso tisiye kukulunga nsima yotentha m'majumbo opyapyala. Boma linaletsa kale majumbo amene kukhuthala kwake sikukwana ma micron 60 mu 2015, ndipo sanapangidwire zotentha n'komwe.

Nachisale: Zikomo nonse. Masipuni awa ndawachotsa, ndibwereka achitsulo kwa mlamu wanga mpaka ndigule anga. Mawa m'mawa ndikulowa m'tauni kukafuna mabokosi a 5 okhala ndi kapu ndi foloko. aBanda, anu mumagula katoni ya angati?

aBanda a chips: Ndikaona pakatoni madzulo ano ndikujambulireni, ndi chizindikiro chake chomwe.