Ma mat a pa jet ski akumatuka m'makona, ndithandizeni

Moni nonse abale anga. Ine zandivuta ndithu ndi ma mat opondapo pa jet ski (njinga yamoto ya pamadzi) yanga, Yamaha WaveRunner VX ya 2014. Akale aja anali atang'ambika ndipo pamaterera kwambiri moti mwana wanga anatsetsereka pokwera, ndiye ndinagula atsopano a EVA foam (pulasitiki wofewa ngati labala), aja odulidwa kale okhala ndi guluu kumsana kwake.

Vuto ndi loti akumatuka m'makona, makamaka kutsogolo pamene popondera pamapindika kukwera m'mwamba, madzi akangolowa pansi basi mat yonse imayamba kutukumuka. Posalala pokha pagwira bwinobwino.

Poyamba ndinapala guluu wakale yense ndi kopalira kapulasitiki, ndinapukuta ndi acetone (mankhwala osungunula guluu) ngakhale ndimaopa kuti iwononga penti, n'kudikira paume kenako kumata. Sizinatheke, tsiku loyamba lomwe pamadzi kona inadzuka. Kachiwiri ndinapaka guluu wa contact cement mbali zonse ziwiri, ndinadikira kuti iyambe kunata, ndinatenthetsa mat pang'ono ndi heat gun (chipangizo chouzira mpweya wotentha) kuti ifewe, kukanikiza ndi rola n'kusiya maola 24. Ulendo wachiwiri kona yomweyo yadzukanso.

Ndiye amene munamatapo nokha, kodi pamafunika kukwecha ndi sandpaper kaye, ya nambala chani? Kapena ndinalakwitsa kupaka contact cement pamwamba pa guluu wobwera ndi mat uja? Nanga pa kona paja mumadula mat pang'ono kuti ikhale bwino, kapena mumatsindira ndi chinthu cholemera masiku angapo? Ndatsala ndi seti imodzi yokha, sindikufuna kuiwononganso.