Pempho la thandizo pa buku lomwe ndikulemba la nkhani ya pa Bangula

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndikulemba buku la nkhani yopeka yochitikira pa Bangula, koma patha miyezi itatu ndisakupita patsogolo pa mutu wachisanu ndi chiwiri.

Mwini nkhani ndi mphunzitsi wopuma pantchito, Msena, amene akupikisana nawo pa mpando wa khansala pa chisankho cha pa 20 May 2014, pomwe makhansala anabwereranso atasowa kuyambira 2005. Mkazi wake ndi Mmang'anja, ndipo banja lawo likutha mkati mwa kampeni chifukwa bamboyo wagulitsa ng'ombe ziwiri za m'khola osamuuza, kuti agulire zitenje amayi ovina pamisonkhano.

Chandivuta ndi nkhani ya ana. Kwa Asena, lobola ikaperekedwa ana amakhala a kuchimuna, pomwe kwa Amang'anja mwini mbumba ndi malume. Ndinafunsa agogo anga ku Ngabu komanso nyakwawa ina, koma mayankho awo anasiyana, ndipo mabuku omwe ndinawerenga ku Blantyre sanafike pa maukwati osakanikirana otere.

Kodi mlandu wotere ukafika pabwalo la mfumu, ankhoswe a mbali ziwirizi amaukamba bwanji, nanga ana amatsala ndi yani? Chonde, amene munaonapo ndi maso anu ndithandizeni, pakuti sindikufuna kunamizira mwambo wa kwathu.