Amel ndi anery: bwanji ana onse a njoka atuluka wamba?

Kanjoka88:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinakweretsa corn snake (njoka yoweta yopanda ululu) yamphongo ya amel ndi yaikazi ya anery, ndikuyembekezera snow (mwana woyererako woonetsa amel ndi anery pamodzi). Mazira 14 aswa onse, koma tiana tonse ndi tawamba, tamawanga ofiirira ozunguliridwa ndi mzere wakuda. Kodi wogulitsa anandipusitsa?

MluziWaMazira:
Sanakupusitseni achimwene, zatuluka momwe zimayenera kutulukira. Amel imachotsa utoto wakuda, anery imachotsa wofiira, ndipo awa ndi majini awiri osiyana (majini a m'thupi, osati aja ogwira anthu). Onsewo ndi recessive: saonekera pakhungu pokhapokha mwana atalandira jini yomweyo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Anu atenga amel imodzi kwa bambo, anery imodzi kwa mayi, ndipo iliyonse yaphimbidwa ndi jini yawamba yochokera mbali inayo. Ndiye kuti onse 14 ndi double het, kutanthauza kuti abisa majini onse awiri, amel ndi anery, ngakhale sakuoneka pakhungu. Alereni, mudzakweretse awiri mwa iwo. Pa mazira 16 masamu amati: 9 wamba, 3 amel, 3 anery, snow mmodzi.

Gogo_Fundula:
Masamuwo ndi oona, koma musawamve ngati lonjezo. 1 pa 16 ndi mwayi wa dzira lililonse palokha, dzira silidziwa zomwe linzake latenga. Pa mazira 16, mwayi woti snow asapezeke n'komwe ndi pafupifupi 36 pa 100. Njira yachidule: pezani snow wooneka kale mumukweretse ndi double het wanu, mwayi ukwera kufika 1 pa 4. Kubwezera mwana kwa bambo wake kukupatsani amel theka, koma snow ayi, pokhapokha bamboyo atabisa anery.

Yaikazi musaithamangitse. Oweta ambiri amadikira zaka 3, magalamu 300 ndi kutalika kwa masentimita 90. Yaing'ono mazira amatha kuikanirira m'mimba.

Chinanso: awamba a m'badwo wachiwiri sadzakhala het otsimikizika ngati awa. Pa jini iliyonse ndi 66% poss het basi (mwayi wa 66 pa 100 woti abisa jiniyo), ndipo pogulitsa muzinena choncho.

MluziWaMazira:
Zoona agogo. Ndiwonjeze za mayiyo: fufuzani ngati ndi anery A kapena charcoal. Zonse n'zotuwa, koma majini ake ndi osiyana. Anery A akamakula nthawi zambiri amachita chikasu m'mbali mwa khosi, pomwe charcoal amachita pang'ono kapena ayi. Ngati ndi charcoal, chomwe mudzapeze ndi blizzard, yoyera mbee, osati snow. Ndipo mukagula snow kuti mukweretse ndi ana a charcoal, snow satuluka, chifukwa anery A ndi charcoal sizigwirizana.

Kanjoka88:
Zikomo akuluakulu. Khosi lake lili ndi chikasu chowala mbali zonse ziwiri.

Gogo_Fundula:
Zikuloza ku anery A, koma diso lokha silitsimikizira. Funsani wogulitsa za makolo ake, ndipo pa bokosi la mwana aliyense lembani tsiku loswa ndi "het amel, het anery" lero lomwe, asanasakanikirane ndi ena.