Thandizeni, anankafumbwe akundithera mitengo ya mawese

Abale anzanga muli bwanji? Ndili ku Karonga kuno, mayi anandisiyira mitengo ya mawese (kanjedza wotulutsa mafuta ophikira) ndipo mafuta ake ndi amene amalipira fizi ya ana, koma iwiri yauma kale. Titagwetsa umodzi tinapeza mphutsi zoyera zonenepa ngati chala chachikulu, mkati monse mwafumbwa mukununkha ngati masese, komanso anankafumbwe akuluakulu aja a mlomo wautali.

Ndinamva kuti tizilomboti timatsata fungo la zinthu zowira, timathamangira pomwe mtengo wavulala, ndiye ndatenga ndowa ndaboola m'mbali, ndakulunga chiguduli kuti zizikwera bwino, mkatimo madzi pang'ono ndi nzimbe zodula. Papita wiki ndagwira atatu basi.

Nde funso langa ndi ili, chimakoka kwambiri ndi chiyani pakati pa nzimbe, chinanazi, nthochi zakupsa kapena zibenthu za mtengo womwewo? Ndizisintha pakatha masiku angati poti kuno kukutentha zimauma msanga? Nanga feromoni ija, mankhwala otsanzira fungo lomwe tizilomboti timaitanirana nalo, amati imathandizana ndi fungoli alipo anaigulako? Ndowayo ndiike patali bwanji ndi mitengo, ndikuopa kuitanira chilombo pa yomwe yatsalayo. Chonde amene munayesapo ndiuzeni.