Ndithandizeni kusankha inshuwalansi ya mchemwali wanga wovutika maganizo

Abale anga okhala kuno ku America, makamaka ogwira ntchito m'zipatala, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga anamupeza ndi matenda ovutika maganizo ndipo adokotala anamuyambitsa mankhwala otchedwa sertraline. Tikufuna kumusinthira inshuwalansi, ndiye ndakhala ndikuwerenga momwe bungwe la NCQA, loona za ubwino wa chithandizo cha zaumoyo, limayezera makampani a inshuwalansi kudzera mu mndandanda wa miyezo wotchedwa HEDIS.

Muyezo wina, wotchedwa AMM, womwe unkagwiritsidwa ntchito mpaka chaka cha 2024, unkaona ngati wodwala wazaka 18 kupita m'tsogolo wakhala pa mankhwala a matenda ovutika maganizo masiku 84, kenako masiku 180. Koma chomwe ankawerenga ndi mankhwala otengedwa ku famase. Apa ndi pomwe mtima wanga sukukhazikika. Sabata yatha ndikumuyalira bedi ndinapeza mabotolo awiri osatsegula kuseri kwa pilo. Ankakatenga mokhulupirika, koma osamwa, ati amamuchititsa nseru. Papepala iye ndi wodwala wosamalidwa bwino!

Kodi kampani yomwe inkakhoza bwino pa muyezowu imamuimbiradi wodwala foni kumufunsa za thupi lake? Kapena ndiyang'ane kwambiri muyezo wa FUH, woona ngati munthu amene anagonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo waonedwanso ndi achipatala pasanathe masiku 7 atatuluka m'chipatala? Amene munadutsamo, munasankha bwanji?