Mayi akufuna mwana alandire katemera mwamseri, buku la kusikelo ndilitani?

Anzanga azaumoyo ndi makolo muli muno, ndithandizeni maganizo. Ndine namwino pachipatala chaching'ono chakumudzi. Kusikelo kwabwera mayi ndi mwana wa miyezi 4 yemwe anabadwira kunyumba ndipo sanalandirepo katemera aliyense. Banja lawo limapemphera mpingo woletsa mankhwala achipatala. Kunyumba anatsanzika kuti akupita kuchigayo, ndipo thumba la chimanga analisiya pakhonde la chipatala. Pempho lawo n'lakuti: "Anesi, mubayeni mwanayu, koma buku musandipatse. Bambo ake akaliona, ine banja latha."

Ntchito yathu imafuna kuti katemera aliyense alembedwe m'kaundula komanso m'buku la mwana. Popanda buku, tsiku lobwereranso alidziwa bwanji? China, BCG (katemera wa chifuwa chachikulu) imasiya chipsera pamkono, ndipo Penta (katemera woteteza ku matenda asanu) nthawi zina imatenthetsa thupi usiku. Bambo sangalephere kufunsa.

Ine mtima wanga uli pakuti mwana abayidwe. Chikuku cha 2010 chinapha ana m'dziko muno. Mu February 2022 poliyo anapezeka ku Lilongwe mwa mwana wa zaka 3, patatha zaka 30 tisanamuone. Koma sindikufuna kuti mayiwa akamenyedwe chifukwa cha ine. Kodi kusunga bukulo kuchipatala n'kulakwa? Nanga si kuwanamiza bambo?

Mlangizi wa zaumoyo: Anesi, ife kumidzi timakumana nazo. Pa kampeni ya poliyo amayi ena ankatinong'oneza kuti tidonthezere mwana kuseri kwa nkhokwe, koma tisamupake inki pachala. Bukulo lembani, lisungeni m'kabati, tsiku lobwera muziwauza pakamwa. Nkhaniyi auzeni in-charge (mkulu wa chipatala) wanu kuti isakhale ya inu nokha.

Bambo wina: Pepani, apa sindikugwirizana nazo. Mwana ndi wa anthu awiri. Zikadzaululika, mpingo wonse udzati achipatala amabaya ana mobisa, ndiye ngakhale amene ankaganiza zobwera adzaleka. Bwanji osadzera kwa amfumu akakambirane ndi mwamunayo?

Mzamba wopuma pantchito: Achimwene, kwa amfumu mukapita ndi dzina la ndani? Kumeneko n'kumuika mayiyo pamoto. Mwana wanga namwino, mayi ndi kholo, chilolezo chake n'chokwanira kuti mwana alandire katemera. Zimene wodwala wakuuza m'chipinda n'zachinsinsi, ndipo a Nurses and Midwives Council (bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba) angakufunse ukaziulula. Chomwe usachite ndi kumubisira mayiyo za chipsera ndi kutentha thupi. Mufotokozere zonse asankhe akudziwa. Umufunsenso ngati bamboyo amamumenya, chifukwa ikatero nkhaniyo yakula, ikufunika a Victim Support kupolisi kapena a zachisamaliro cha anthu.

Namwino: Zikomo amayi. Za nkhanza ndiwafunsa patokha, popanda anthu a pamzere kumva. A bambo, nkhawa yanu ndaimva. Amfumu ndi atsogoleri a mpingo tingakumane nawo pa za katemera wa mudzi wonse, osatchula banja lililonse. Chatsala ndi BCG: alipo amene anakumanapo ndi mayi wovomera akatemera ena onse n'kukana wa chipsera yekhayu? M'kaundula munalemba chiyani?